Ndinaitana dokotala wa ziweto kuti ayeze nkhunzi ya pachionetsero ndisanalipire

Nkhunziyo ndinaiona koyamba ikuzungulira m'bwalo la chionetsero, yakuda bii, ubweya uli waliwali, msana wowongoka ngati anachita kuuyezera ndi chingwe. Inali ya mtundu wa Angus, ya miyezi 22, ndipo tsiku limenelo inaposa zinzake zonse za msinkhu wake. Ine ndili ndi ng'ombe zazikazi 28, ndipo nkhunzi yanga yakale inali itafika poti izikwera ana ake omwe, ndiye ndinkafuna magazi ena m'khola. Mtengo tinamvana ndi mwiniwake pomwepo, riboni ikadali lendelende pakhosi pa ng'ombeyo. Amene anandigwira dzanja ndi mkazi wanga, yemwe amasunga buku la khola. Anati, "Bambo, mwaiona itaima ndi kuyenda pa utuchi. Kodi ndi ntchito imene mukuigulirayo?" Ndinakwiya pang'ono, koma mawa lake ndinaimbira foni dokotala wa ziweto wa ng'ombe za nyama, mayi wina amene anzanga oweta ankamutchula kawirikawiri.

Ntchito yawoyi ndi yoyeza ngati nkhunzi ingathe kupereka bere. Pamwamba pa pepala lawo pamalembedwa kuti BSE, ndipo nditaona zilembozo ndinadzidzimuka, chifukwa ndi zomwezonso zimene amatchulira matenda a misala ya ng'ombe. Palibe kugwirizana kulikonse, zinangofanana zilembo.

Anafika mochedwa ndi maola awiri, osaimba n'komwe. Ndikunena zimenezi poyamba kuti ndithane nazo, chifukwa zimene anachita atafika zinandiiwalitsa dzuwa lomwe linandiwamba podikira.

Chikwama cha zida chinakhala m'galimoto kwa theka la ola. Adokotala anapempha kuti nkhunzi aivule chingwe cha kumutu, aichotse pa utuchi, iyende yokha pabwalo louma ndi lolimba. Mnyamata woisamalira anazengereza, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake pambuyo pake. Pachionetsero ng'ombe imayenda wina ataikweza mutu, ikaima amaikonza mwendo uliwonse ndi ndodo yaitali ya kangowe kumapeto, kwinaku akuikanda kumimba kuti ikhale phee ndi kuwongola msana. Itasiyidwa yokha, mutu unatsika, msana unakwera pang'ono pakati, ndipo mayendedwe anali afupiafupi ngati munthu wovala nsapato zothina. Adokotala anandiitana kuti ndidzaone m'fumbi. Ng'ombe yolongosoka, mwendo wakumbuyo umaponda pomwe pachoka wakutsogolo. Iyi inkaperewera ndi chikhatho chathunthu, mbali zonse ziwiri.

Kenaka anapempha ndowa ya madzi n'kuithira miyendo yakumbuyo. Apa mpamene ndinayasama. Miyendo yomwe inkaoneka ikuluikulu ngati mizati ija inali ubweya wopesedwa moimika, woumitsidwa ndi makina a mpweya, wometedwa mwaluso kuti mzere wa mwendo uoneke mmene woweruza amafunira. Ubweya utanyowa n'kumata pakhungu, bondo lakumbuyo linaoneka mmene liliri, lowongoka kwambiri, lopanda kupindika kuja kumene ng'ombe imafunika kukhala nako, ndipo lamanzere linali lotupa, lofewa ngati muli madzi. Anandifotokozera mosavuta. Nkhunzi ikamakwera, thupi lonse limatsamira pa miyendo iwiri yakumbuyo, ndipo iyi inkalemera makilogalamu 780 pa sikelo. Mwendo wopindika bwino umanyutuka n'kulandira katunduyo, pamene wowongoka umangogunditsa mafupa m'mfundo. Chaka choyamba itha kupirira. Chachiwiri imayamba kutsimphina, kenaka imangoima pansi pa mtengo n'kumayang'ana zazikazi zikudutsa.

Pa ziboda anakhalitsapo, ndipo ine ndinaona kuti ndalama yanga inathera pamenepo moyenera. Amagwiritsa ntchito muyezo wa bungwe la American Angus Association, wochokera pa 1 kufika pa 9, pomwe 5 ndiye chiboda chabwino. Amayang'ana zinthu ziwiri padera, kupendekeka kwa chiboda ndi kutalika kwa chidendene, komanso ngati zala ziwirizo zili zofanana ndi zolunjika. Kutsogolo anapereka 6, kumbuyo 7, chifukwa chala chakunja chinali chitayamba kukhotera mkati. Anandionetsa mizere ya tupa, yatsopano, kusonyeza kuti zibodazo anazisema patangotsala masiku ochepa kuti chionetsero chichitike. Kusema ziboda si mlandu, aliyense wokonzekera chionetsero amatero, koma kumabisa mmene chibodacho chimakulira chikasiyidwa, ndipo kakulidwe kameneko kamapita kwa ana. Ine amene ndimasunga misoti kuti idzakhale makolo a khola, ndiye kuti ndikanagula vuto la zaka khumi. Panalinso timizere topingasa pachiboda, tokhala ngati mphete, tomwe anati timatsalira ng'ombe ikadwalapo kutupa kwa mkati mwa chiboda chifukwa chodyetsedwa kwambiri chakudya chambewu chonenepetsa.

Mnyamata wanga wa kubusa, yemwe ndinapita naye, anangoti chapansipansi, "Chikomekome cha mkuyu." Sanamalize, mwini ng'ombe anali pafupi.

Ataiika mu kampanda kopanira, anatulutsa tepi yoyezera thumba la machende. Amakankhira machende pansi ndi dzanja limodzi, tepi n'kuizunguliza pamalo potambalala kwambiri. Inakwana masentimita 38. Malinga ndi malire a Society for Theriogenology, bungwe la madokotala oona za kubereka kwa ziweto, omwe adokotalawa amatsata, nkhunzi ya miyezi 21 mpaka 24 isachepere 33, ya zaka zopitirira ziwiri isachepere 34, ndipo ya miyezi yosapitirira 15 isachepere 30. Ine mtima unayamba kubwerera m'malo, ndikuti mwina miyendo tingaipirire. Koma anandigwira dzanja n'kuliika pakhosi pa thumbalo, pamwamba pomwe limalumikizana ndi thupi. Pamayenera kukhala powonda, koma apa panali podzaza, pofewa, mafuta okhaokha. Machende amapanga umuna wabwino akakhala ozizirirapo kuposa thupi ndi madigiri 2 mpaka 6, ndipo pakhosi pamenepo mpamene mitsempha imapiringizana kuti magazi azizire asanatsike. Mafuta akakuta malowo zili ngati wawafunditsa bulangete. Pa muyezo wa kunenepa wa 1 mpaka 9, nkhunziyo anaiika pa 8. Yopita kukagwira ntchito imafunika kukhala cha pa 6.

Zotsatirazo sizokoma kuonerera, ndinene poyera. Amapisa dzanja kumbuyo kuti amve ngati ziwalo zamkati zopanga madzi a umuna zili zotupa, kenaka amalowetsa chida chamagetsi chomwe chimachititsa nkhunzi kutulutsa umuna. Ng'ombe inalira, miyendo ili njenjenje. Komabe dzanja la mayiwa ndi lodekha, magetsi ankakweza pang'onopang'ono ndipo sizinatenge mphindi zambiri. Chida cha nkhunzi chitatuluka anachiyang'anitsitsa ngati chili ndi njerewere, mphete ya ubweya yomanga kunsonga, kapena kamnofu kobadwa nako kokoka nsonga pansi. Zonsezi panalibe. Maikulosikopu anaiika kumbuyo kwa galimoto, kagalasi ataotha kaye kuti mbewu za mu umuna zisafe ndi kuzizira, ndipo anandilola kusuzumira. Zoyenda molunjika zinali 45 pa 100 zilizonse, malire ake ndi 30, ndiye apo inadutsa. Atadontheza mankhwala a mtundu n'kuwerenga mbewu 100 imodziimodzi, zooneka bwino zinali 58 zokha. Zimafunika 70. Zina zinali mitu yopanda michira, zina michira yopindikira mmbuyo.

Sanalembe kuti yalephera. Analemba kuti chigamulo chaimitsidwa, iyezedwenso pakatha masiku 60, popeza mbewu ya nkhunzi imatenga masiku pafupifupi 61 kuti ipangike, kotero zomwe tinkaona tsikulo zinali zipatso za miyezi iwiri yomwe inali ikunenepetsedwa. Mwini ng'ombe anapsa mtima, akuti oweruza odziwa ntchito anaisankha pakati pa zambiri. Adokotala sanakweze mawu. Anati, "Achikulire, umunawu utha kukonzeka ikatsika thupi. Miyendoyi siisintha." Anawonjezanso kuti woweruza sanalakwe kwenikweni, anaweruza zomwe anamuonetsa m'mphindi zochepa, ng'ombe ili youma ndi yopesedwa, ndipo m'bwalo mulibe maikulosikopu.

Akusamba m'manja tinacheza za zionetsero, ndipo ndinapeza kuti sadana nazo monga ndinkaganizira. Chomwe amadandaula ndi chakuti bwalo limakonda kupyola muyezo. Ku America m'ma 1950 oweruza ankakonda ma Hereford ndi ma Angus aafupi, a miyendo yaifupi, ofika m'chiuno mwa munthu, mpaka m'makola munabuka ana opinimbira opuma mofwenthera, ndipo mabanja athunthu a ng'ombe anachotsedwa. Pofika m'ma 1980 zinatembenuka, yopambana inkakhala yaitali kuposa zonse, ndipo alimi anatsala ndi zazikazi zodya kwambiri ndi nkhunzi zowongoka miyendo. Anatchulanso Jan Bonsma wa ku University of Pretoria, yemwe anapanga mtundu wa Bonsmara pa malo ofufuzira a Mara ku South Africa ndipo ankaphunzitsa kuyang'ana ng'ombe ndi diso lofunsa ngati thupi lake lingagwire ntchito. Mpaka lero ma Bonsmara sawapikisanitsa m'bwalo, amangowayeza ndi kuwayendera.

Tikunyamuka, adokotala anafunsa za nkhunzi ina yomwe inkadya msipu kuseri kwa mpanda. Inali yobadwa kwa nkhunzi imodzi ndi yopambana ija, ya miyezi 20, yomwe sanaitengere ku chionetsero chifukwa inali yocheperako ndipo ubweya wake unali waufupi, wofiirira ndi dzuwa. Ndinalipira kuti ayeze imeneyonso. Inavuta kulowa mu kampanda, sinazolowere chingwe, koma sinafune kugunda munthu. Apa anandiuza chinthu chomwe sindinachiganizepo, kuti kufatsa kwa ng'ombe ya pachionetsero nthawi zina n'kophunzitsidwa, ndipo zophunzitsidwa sizipita kwa ana. Iyi inaponda ndendende m'mapazi ake akutsogolo, ziboda 5 ndi 5, thumba masentimita 35 lokhala ndi khosi lowonda, mbewu zabwino 82. Ndinagula imeneyo.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, kupatula kuchedwa kuja. Pafoni sanandiuze kuti kuyeza matenda opatsirana pokwerana, monga trichomoniasis ndi vibriosis, ndi ntchito yapadera yolipiridwa payokha, komanso kuti zotsatira zake zimachokera ku labotale patapita masiku. Ndinazimva tili kale pakhola la eni. Matendawa nkhunzi imawanyamula osaonetsa chizindikiro, zazikazi n'kumangotaya bere lidakali laling'ono, ndiye sichinthu choti munthu angachidumphe, ndipo akanayenera kuchitchula poyamba. Pepala lawo nalonso ndi lodzaza ndi zidule za zilembo, lolembedwera madokotala anzawo osati mlimi. Mkazi wanga anachita kuwaimbira foni kuti amasulire mzere ndi mzere asanakopere m'buku.

Koma chachikulu ndi ichi. Pepala likanena kuti nkhunzi yakhoza, munthu umaganiza kuti zonse zatheka. Ayi. Kuyezaku sikuona ngati nkhunziyo ili ndi chilakolako, kapena ngati imatha kukwera ndi kumaliza ntchito. Chida chamagetsi chimatulutsa umuna ngakhale mwa nkhunzi yaulesi. Adokotala anavomera zimenezi mosabisa, koma nditachita kufunsa ndekha, ndipo ndikuganiza kuti ambiri safunsa. Sabata yoyamba nkhunzi yanga yatsopano inkangoyendayenda m'mbali mwa mpanda, kulirira kwawo, ine mtima uli m'mwamba. Ndinakhala m'mawa atatu pachitsa ndikudikira, mpaka ndinaiona ndi maso anga ikukwera msoti bwinobwino. Ntchito imeneyo palibe dokotala angakugwirire.

Malangizo awo pa chiwerengero ndinawatsata. Anati nkhunzi yaing'ono uipatse zazikazi zolingana ndi miyezi yake, 25 kapena 30 zidikire ikakhwima. Ndinaipatsa 19, ana a nkhunzi yakale ija, ndipo yakaleyo inatsala ndi zazikazi 9 zotsalazo, amayi a anawo. Zinakhala limodzi masiku 63, kuti yaikazi iliyonse ipeze mpata katatu pa masiku 21 aliwonse. Adokotala omwewo atabwera kudzayeza mabere, ulendo uno pa nthawi yake, 17 mwa 19 zija zinali ndi bere. Zonse zomwe ndinawalipira, maulendo onse pamodzi, sizikufika mtengo wa thole limodzi losiya kuyamwa.

Ndidzawaitananso chaka chino, miyezi iwiri ndi theka nkhunzi zisanalowe kwa zazikazi, kuti ikapezeka yoimitsidwa pakhale nthawi yoyezanso. Ndawauziratu kuti mtengo wa labotale aunene pafoni.

Mwini wa yopambana ija anandiimbira patatha miyezi itatu. Anaitsitsa thupi, anaiyezetsanso, mbewu zabwino zinakwera kufika pa 74, ndipo ankafunsa ngati ndikuifunabe pamtengo wotsikirapo. Ndinafunsa za bondo lamanzere lija. Anati likadali lotupa pang'ono, koma m'mawa mokha.