Canon 600D yogula kwa munthu: yadutsa dzinja, chiperoni, pano tili m'chilimwe

Anthu angapo akhala akundifunsa ngati kamera yanga ikadali moyo, ndiye ndati ndingolemba zonse pamodzi. Ndi Canon EOS 600D, yakale ndithu poti inatuluka 2011, ma megapixel 18, ndinagula kwa munthu pamodzi ndi lenzi yake ya 18-55mm kenako ndinasakasaka ya 50mm f/1.8. Masiku oyamba aja ndinkayitama chifukwa cha mitundu komanso sikirini yake yotembenuka. Zimenezo sizinasinthe, ikugwirabe bwinobwino, koma chomwe ndikuyikondera pano ndi china, yandisintha kajambulidwe ndikakhala paulendo.

Tiyambe ndi kuphiri poti aliyense wobwera ku Zomba amathamangira komweko. Pa Emperor's View, pomwe Haile Selassie anaimapo mu 1965, umaona Chilwa, chilumba cha Chisi, Mulanje chakutali uko. Malo okongola zedi, koma kunena zoona chithunzi cha pamenepo aliyense ali nacho, wa foni ya Tecno ali nacho, wa kamera ya mamiliyoni ali nacho, ndipo ukaziika pamodzi sungadziwe kuti ichi ndi cha ndani. Komanso nyengo ndi imene imalamula, osati kamera. April ndi May mvula itangosiya kumwamba kumakhala mbee, Mulanje amaoneka ngati ungamukhudze. June ndi July chiperoni chikabwera ukhoza kukwera mpaka pamwamba n'kungoona nkhungu basi. September, October ndi utsi wa moto wa m'tchire, zonse zimatuluka zotuwa kaya uchite bwanji. Ngati mukufunadi malowo dzukani m'mawa, pofika 10 koloko dzuwa lakhala kale lolimba.

Zithunzi zomwe ndimabwererako kukaziona mobwerezabwereza ndi za panjira yokwera ku Ku Chawe, anyamata ogulitsa sitiroberi m'timbale, azimayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, bambo wina wogulitsa miyala yonyezimira atayala pansalu. Apa ndi pomwe 50mm ija yandigwirira ntchito. Ilibe zumu, ndipo pa kamera iyi imakhala ngati 80mm chifukwa sensa yake ndi yaing'ono, ndiye sungabisale patali n'kumaba anthu, uyenera kuyenda ndi miyendo yako, kupereka moni, kucheza kaye. "Mwaswera bwanji amayi, ndingakujambuleniko?" Ena amakana, ndipo akakana ndi basi, kamera pansi. Ena amati dikirani ndikonze mpango, ndipo ine ndimadikira, chifukwa munthu ali ndi ufulu woonekera momwe akufunira. Chithunzi chabwino nthawi zambiri chimabwera pambuyo pa choyamba chija, akamasuka n'kubwerera ku ntchito yawo, manja ali pa malonda, akuseka ndi mnzawo. Kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi ndimakayika pa f/2.8 kapena f/4 kuti nkhope yonse ikhale yakuthwa koma kumbuyo kufewe pang'ono, f/1.8 imafufuta kwambiri mpaka malo osadziwikanso, pomwe ine ndimafuna mitengo ya paini ija izioneka kuti munthu adziwe kuti apa ndi pa Zomba.

Sikirini yotembenuka ija nayo yathandiza mosayembekezera. Kamera ikakhala pamimba ine ndikuyang'ana pansi, nkhope yanga siibisika, timayang'anabe m'maso tikucheza, ndipo agogo ambiri samangika ngati momwe amachitira ukawalozetsa chinthu chakuda kumaso.

Ku Kachulu, padoko la nyanja ya Chilwa, ndi komwe ndinamvetsa kuti zithunzi izi si zongosangalatsa. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inaumapo mu 1968 ndi 1995, mu 2018 mabwato anangokhala pamatope ouma. Ndiye ukajambula asodzi akukankha bwato ndi mtengo, matemba ali pathandala, mlamba ukuwambidwa, zimbowera, timisasa toyandama ta asodzi, zili m'mabango, ukusunga chinthu chomwe chaka china sichidzakhalapo momwemo. Achimwene ena a bwato anandiuza kuti ndiwajambule ataima pomwe madzi anafika chaka chino, kuti ana awo adzaone. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi kabuku, ndimalemba dzina la munthu, malo, mwezi ndi zomwe tinacheza, chifukwa kamera imasunga tsiku ndi ola koma siidziwa kuti uyu ndi ndani.

Ndipo abale anga, tsukitsani zithunzi. Chithunzi chokhala mu memori khadi chimangofera momwemo. Ine ndimasankha zochepa, ndimatsukitsa mtawuni muno za saizi ya positikhadi, ulendo wotsatira ndimakapereka kwa eni ake. Mayi wina wa tomato pamsika wa Thondwe anachiika mu Baibulo lake pomwepo, ndipo pano ndikafika amayitana okha anzawo kuti bwerani mujambulidwe. Kunena kuti "ndidzakutumizirani pa WhatsApp" kwa munthu yemwe ali ndi foni ya mabatani ndi kumunamiza chabe.

Tsopano zovuta. Kamerayi ilibe WiFi, ndiye pamafunika khadi rida kapena kompyuta kuti zifike mufoni, kwa ine si vuto lalikulu poti zimandipatsa mpata wosankha mofatsa, koma amene mumafuna kuponya pa Facebook pompopompo mudzatopa nayo. Batire yake ndi LP-E8, yoyambirira ikusungabe moto tsiku lonse, koma yachiwiri yotchipa ndinagula pa shopu ina imatha msanga makamaka kukazizira kuphiri, ndiye gulani yeniyeni ndipo muzichaja zonse magetsi akakhalapo. Kukada ISO, nambala yomwe umakweza kuti kamera ione kuwala kukachepa, ikadutsa 1600 timadontho timayamba kuoneka, mkati mwa msika wa Zomba mbali ya nsomba imavutika kupeza fokasi. Chachikulu ndi chinyezi. Zomba mvula yake mukuidziwa, ndipo pofika February lenzi ya 18-55 ija inali itayamba chuku m'kati, timizere toyera ngati ukonde wa kangaude. Pano zonse ndimasunga mu kontena ya pulasitiki yotseka bwino muli timapaketi ta silica gel tija timabwera mu bokosi la nsapato, ndipo sichinapitirire. Fumbi la msewu wa ku Kachulu nalo si lamasewera, osasintha lenzi panja, ndipo mukakwera kabaza kamera ikhale m'chikwama kutsogolo.

China, imaonekera. Anthu amaganiza kuti ndine wa bungwe kapena mtolankhani, ena amafuna ndalama, ndiye ndimafotokoza kaye kuti ndine wa konkuno ndipo ndikujambulira chani. Ana sindijambula popanda kholo pafupi. Pafupi ndi Cobbe Barracks, State House kapena ndende kamera imalowa m'chikwama, musayese n'komwe.

Kugula ndingagulenso, makamaka ndi 50mm imeneyi. Chomwe ndikusaka pano ndi kalenzi kakang'ono ka 24mm f/2.8, chifukwa mu minibasi ya ku Jali kapena m'tinjira ta mumsika 50 imapanikiza, umafuna kubwerera m'mbuyo koma kumbuyo kuli thumba la makala. Amene muli nako ndipo simukukagwiritsa ntchito tiyankhulane.