Kope, foni kapena voisi noti: dayale ya nthawi ya pemphero tiilembe pati?

Abale, nkhani yoti munthu azilemba pati zomwe wapeza pa nthawi yake ya Mawu ndi pemphero imagawa anthu kwambiri, ena amati kope ndi bolopeni basi, ena amati zimenezo ndi zachikale foni ili m'manja kale, ndiye pali enanso omwe kulemba kumawatopetsa amangojambula mawu. Zonsezi ndazigwirapo, ndipo muyeso wanga ndi umodzi: pakatha chaka, mudzabwerera kukawerenga zomwe munalemba? Chifukwa dayale yotere ntchito yake ndi kukumbutsa. Salimo 103:2 imauza mtima kuti usaiwale zabwino zonse zomwe Yehova wachita, ndipo Samueli uja pa 1 Samueli 7:12 anaimika mwala nkuutcha Ebenezeri kuti anthu akamadutsa aziona poti Mulungu anawathandiza. Zolemba zomwe simudzaziyang'ananso zili ngati mwala womwe mwaukwirira pansi m'malo mouimika.

Tiyambe ndi kope. Ubwino wake waukulu ndi woti silichita china chilichonse. Mukalitsegula palibe uthenga wolowa, palibe batire yoti yatsala pang'ono, ndi inu, Baibulo ndi tsamba loyera. Komanso dzanja limachedwa kuposa zala pa foni, ndipo kuchedwa kumeneko ine ndimakuona ngati phindu, mukamakopa vesi liwu ndi liwu mumayamba kuona timawu tomwe powerenga mumangotidumpha, ngati ka "koma" kapena ka "chifukwa chake". Pa Deuteronomo 17:18 mfumu ya Israeli inalamulidwa kuti idzilembere yokha buku la chilamulo, ndipo ndimakhulupirira kuti chomwe walemba ndi dzanja lako chimakhala chako mwanjira ina. Chinanso chomwe kope limasunga ndi momwe munalili tsikulo. Mukatsegula tsamba la miyezi yapitayo mupeza zilembo zapendekera, mzere wina mwaudinda mpaka pepala kuboola, pena inki yafalikira pomwe panagwa msozi, ndiye musanawerenge n'komwe mwakumbuka kale kuti usiku umenewo unali wolemera bwanji. Pa foni tsiku lachisoni ndi tsiku lachimwemwe zilembo zake n'zofanana.

Koma kope lili ndi mavuto ake enieni ndipo okonda kope asamawabise. Likatayika kapena kunyowa zatha, palibe kwina komwe munasunga. Kupeza chinthu n'kovuta, mukukumbuka kuti munalembapo za kukhululuka koma linali kope liti, mwezi uti, mpaka kufufuza masamba mazana. Ndiye vuto lalikulu ndi chinsinsi. Ngati mukukhala ndi anthu m'nyumba ndipo mukudziwa kuti wina atha kulitsegula, mumayamba kulembera iyeyo osati Mulungu, machimo enieni mumawazungulira, dzina la munthu yemwe wakupwetekani simulitchula, mapeto ake dayale yonse imangokhala mawu okoma achitchalitchi. Vutoli si lalero ayi. John Wesley, mlaliki woyambitsa mpingo wa Methodist, yemwe anayamba kusunga dayale ali ku yunivesite ya Oxford mu 1725 ndipo anapitiriza mpaka masiku ochepa asanamwalire mu 1791, ankalemba zambiri mwa zizindikiro zachinsinsi ndi zidule kuti wongotola asamve. Inunso mutha kuchita zomwezo, chilembo chimodzi m'malo mwa dzina, kachizindikiro kanu m'malo mwa tchimo lomwe mukulimbana nalo.

Foni imapambana ndendende pomwe kope lagonja. Mwaika pasiwedi kapena chala, palibe wowerenga. Mukalemba mu apu ngati Google Keep kapena Day One zimasungika pa intaneti, foni ikabedwa mumangolowa pa ina nkuzipeza. Ndipo kusaka, eee, apa ndiye palibe mpikisano, mungolemba liwu loti "mantha" masiku onse omwe munalembapo za mantha atuluka pamzere, ndiye mumaona nokha kuti chomwe chinkakusowetsani tulo chaka chatha lero simuchiganiziranso. Apu ya Baibulo ya YouVersion, yomwe inatuluka mu 2008 kuchokera ku mpingo wa Life.Church ku America, imalola kulemba noti pa vesi penipenipo, mukadzafikanso pa vesilo noti yanu ili pomwepo. Kungoti muone kaye masetingi, chifukwa apuyi ili ndi mbali ya anzanu ndipo zina zomwe mumachita zitha kuonekera kwa iwo.

Chondidetsa nkhawa ndi foni ndi chimodzi koma n'chachikulu. Mwatsegula Salimo 23, mwafika pa vesi 4 paja pa chigwa cha mthunzi wa imfa, mtima wayamba kufewa, pamwamba pa sikirini pagwa uthenga wa pa WhatsApp, mukuti ndingoona ndani, ndiye mukadzabwerera mphindi zapita ndipo chomwe chinayamba kukukhudzani chazizira. Yesu pa Mateyu 6:6 anati lowa m'chipinda utseke chitseko, ndipo foni imalowetsa anthu onse m'chipindamo. Kuthimitsa data kapena kuika pa flight mode kumathandiza, koma zimafuna kudziletsa m'mawa uliwonse, pomwe kope silikufunsani zimenezo. Komanso kaunti ya masiku otsatizana yomwe maapu ena amaonetsa ija, kwa ena imalimbikitsa, koma ndaona imasandutsa pemphero kukhala kuteteza nambala, munthu kutsegula vesi limodzi pakati pausiku kuti kaunti isaduke.

Voisi noti sindiinyoza. Kwa munthu yemwe maso akuvuta, kapena kulemba kumamuchedwetsa, kapena mayi yemwe manja ali ndi khanda, ndi njira yabwino ndipo mawu amanyamula kulira ndi kuseka komwe. Koma pa muyeso wanga uja imagwa, ndani adzakhale pansi kumvetsera maola ndi maola a mawu ake kuti apeze pemphero limodzi? Ngati mwasankha imeneyi, fayilo iliyonse muziipatsa deti ndi mutu, apo ayi mwangotaya.

Tsono chomwe ndaona n'choti kalembedwe kamasintha yankho. Ngati mumatsata njira ya SOAP, yomwe anaitchukitsa m'busa Wayne Cordeiro wa ku Hawaii, kutanthauza kulemba vesi, zomwe mwaonamo, momwe muligwiritsire ntchito, kenako pemphero, kope ndi lomwe limakwanira bwino chifukwa njirayi imafuna kudekha. Chimodzimodzi kudzisanthula kwa madzulo komwe Ignatius wa ku Loyola, wansembe wa Katolika wakalekale, ankaphunzitsa, kuyang'ana tsiku lonse, kuthokoza, kupepesa, kupempha chisomo cha mawa, foni pa nthawi yogona imangokutengerani kwina. Koma ngati chomwe mukusunga ndi mndandanda wa zopempha ndi mayankho ake, foni ndi yabwino zedi. George Müller wa ku Bristol, yemwe analera ana amasiye oposa 10,000 asanamwalire mu 1898, ankalemba deti, chosowa, ndi ndalama yeniyeni yomwe yabwera atapemphera, ndipo mphamvu ya zolemba zakezo ili pa kulondola kumeneko. Mndandanda wotere umafuna kuusintha pafupipafupi, kuchonga choyankhidwa, kuwonjezera dzina la wodwala yemwe mwangomva kumene muli panjira, ndipo foni ili m'thumba nthawi imeneyo pomwe kope lili kunyumba.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa: kusinkhasinkha Mawu ndi kutsanulira mtima, kope, mndandanda wa mapemphero ndi timaganizo togwa masana, foni. Ngati mukuti ziwiri n'zambiri ndisankhe chimodzi, funsani komwe kufooka kwanu kuli. Amene foni imamukoka asadzinamize kuti adziletsa, agule kope. Amene m'nyumba mwake mulibe pobisa chinthu, kapena amayenda kwambiri, alembe pa foni data itathimitsidwa, kusiyana n'kulemba zachiphamaso m'kope chifukwa choopa maso a anthu.

Chilichonse mwasankha, deti pamwamba musaiwale, ndi vesi lomwe munawerenga, ngakhale tsikulo mwalemba mizere iwiri yokha yoti lero sindinamve kanthu. Ndipo musankhiretu tsiku limodzi pamwezi loti simulemba zatsopano koma kungowerenga zakale, muli ndi bolopeni yamtundu wina yolembera pambali pomwe yankho linabwera. Amene muli pa foni ikani alamu ya tsiku limenelo lero lomwe.