Ndemanga ya galamafoni ya Audio-Technica AT-LP120XUSB kwa okonda jazi

Galamafoni imeneyi ndi yoyenera munthu amene zimbale zake ndi zamitundumitundu, zina zazikulu zogula chaposachedwa, zina zing'onozing'ono zosiyiridwa ndi makolo, ndipo akufuna makina amodzi oti aziimba zonsezo popanda kuziwononga. Ndakhala ndikuigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo m'chipinda chochezera, nditailumikiza ku ampulifaya yakale ndi masipika awiri. Zambiri zimene ndimamvera ndi jazi, ngakhale kuti pashelefu palinso rumba ya ku Congo, reggae ndi nyimbo zamakwaya.

Kampani ya Audio-Technica, imene inayamba ku Tokyo m'chaka cha 1962, inatchuka poyamba ndi kupanga timitu tokhala ndi singano yowerenga chimbale, ndipo luso limeneli likuonekera pa makinawa. Mota yake imazunguza mbale yachitsulo mwachindunji, kotero palibe lamba walabala amene amatha n'kufuna kusinthidwa. Imazungulira pa maliwiro atatu, maulendo 33, 45 ndi 78 pa mphindi, ndipo n'chifukwa chake ndinaisankha, pakuti magalamafoni ambiri otsika mtengo amathera pa awiri oyambawo. Komabe wogula adziwe kuti zimbale za 78 zili ndi mizere yotakata ndipo zimafuna singano yakeyake, ya VMN95SP, imene imagulidwa payokha.

Ntchito yeniyeni ili pa tsiku loitulutsa m'bokosi. Kamkono konyamula singano kamabwera kopanda kachitsulo kake kolemera kakumbuyo, ndipo mwini wake ayenera kukaika, kukazunguza pang'onopang'ono mpaka kamkonoko kataima kokha m'malere, kenako n'kuchuna kuti singano ya AT-VM95E izipanikiza chimbale ndi kulemera kwa magalamu 2. Anthu ena amachepetsa dala kulemeraku poganiza kuti akusamala zimbale zawo, koma singano yopepuka imadumphadumpha mumzere ndipo imakanda kwambiri kuposa yochunidwa bwino. Kumbuyo kulinso kabatani kolembedwa PHONO ndi LINE. Ngati ampulifaya yanu ilibe polowetsera pa galamafoni, kaikeni pa LINE kuti kachipangizo kamkati kakweze mawu. Mukapanda kutero, nyimbo zimamveka chapansipansi ndiponso zopanda bezi, ndipo munthu angathe kuganiza kuti wagula katundu wakufa.

Jazi ndiyo imaulula ngati galamafoni ili bwino kapena ayi, chifukwa mumakhala malo ambiri achete pamene chida chimodzi kapena ziwiri zokha zikulira, ndipo phokoso lililonse la mota silisowa. Pa chimbale cha Miles Davis cha mu 1959, Kind of Blue, nyimbo yoyamba imayamba ndi piyano ya Bill Evans ndi bezi ya Paul Chambers basi, ndipo pamenepo sindinamve kung'ung'uza kulikonse kochokera m'makinawa. Bezi imamveka ngati nsambo yokokedwa ndi chala pa thabwa, mawu ake alionse ali pawokha, osati kugunda kosokonekera kumene timamva pa tisipika ta foni. Lipenga la Miles Davis likalowa limakhala pakati, masakisofoni a John Coltrane ndi Cannonball Adderley ali mbali zosiyana, moti ngakhale mlendo amene sadziwa jazi amatha kuloza kumene aliyense waima. Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi kulira kwa mbale zachitsulo za woimba ng'oma, kumene kumazirala pang'onopang'ono m'malo modukiza.

Zimbale zakale za kampani ya nyimbo za jazi ya Blue Note, zambiri zimene katswiri wojambula mawu Rudy Van Gelder anajambula ku New Jersey, zimatuluka ndi mphamvu ndithu, makamaka malipenga, ndipo singano imeneyi siichita nazo mantha. Malire ake ndinawaona pa nyimbo zitalizitali zodzaza mbali yonse ya chimbale, monga Mannenberg imene Abdullah Ibrahim anajambula ku Cape Town mu 1974. Singano ikamayandikira pakati, mzere umadutsa pang'onopang'ono pansi pake kuposa m'mphepete, ndipo mawu okwera a sakisofoni amayamba kukhakhala pang'ono. Zimenezi n'zachibadwa pa zimbale zonse ndi singano zamtundu uwu, ndipo ubwino wake ndi wakuti kamutu ka VM95 kamalola kuzula singano n'kuikapo yosongoka kwambiri, ya VMN95ML, popanda kumasula nati ngakhale imodzi.

Pambali pali kachitsulo kotsetsereka kosinthira liwiro ndi maperesenti 8 kapena 16, kamene anaikira makamaka oimbitsa nyimbo m'madansi. Ndinkaona ngati kwa ine n'kopanda ntchito, koma kali ndi phindu lake ngakhale pa jazi. Mbali yoyamba ya Kind of Blue inatuluka yothamanga pang'ono pa zimbale zakale za sitiriyo, chifukwa makina a tepi ankayenda mochedwa tsiku lojambula, ndipo vutoli linadzakonzedwa mu 1992. Amene ali ndi chimbale chakalecho ndipo amaimba piyano kapena lipenga motsatira nyimboyo angathe kutsitsa liwiro pang'ono kuti mawu agwirizane.

Makinawa sachita kanthu paokha. Muyenera kutsitsa singano nokha, ndipo chimbale chikatha mbale imapitirirabe kuzungulira mpaka mutadzuka kukanyamula kamkono, kotero si abwino kwa amene amakonda kugona nyimbo zikulira. Singano yobwera nayo amaiwerengera maola pafupifupi 300, ndipo maola otayika mumzere womaliza amawerengedwanso. Fumbi ndiye mdani wamkulu, makamaka m'miyezi yotentha ya September ndi October, pamene ngakhale chivundikiro chapulasitiki sichikwanira. Kaburashi kofewa kopukutira chimbale musanachiike ndi kofunika ngati singano yeniyeniyo. Masipika asakhale patebulo limodzi ndi galamafoni, chifukwa kunjenjemera kwa bezi kumabwerera kusingano n'kuyambitsa kulira kosalekeza. Kumalo kumene magetsi amazimazima, ndi bwino kuilumikiza kudzera pa chotetezera mphamvu yamagetsi ndiponso kunyamula kamkono msanga magetsi akathima, kuti akabwera asapeze singano ili pachimbale.

Polowetsera pa USB pandithandiza kusunga zimbale zing'onozing'ono za 45 za bambo anga, zimene nyimbo zake sizipezeka pa intaneti. Mumalumikiza chingwe ku kompyuta, n'kutsegula pulogalamu yaulere ya Audacity, ndipo nyimbo imajambulika pamene ikuimba, kutanthauza kuti mbali ya mphindi 20 imatenganso mphindi 20, kuphatikizapo nthawi yodula nyimbo iliyonse ndi kuilemba dzina. Kukandika konse kwa chimbale kumalowanso momwemo. Zimbale zina zakale zimene ndinagula kwa wamalonda wina zinali zonyezimira kunja koma zothetheka mkati, ndipo palibe galamafoni imene ingachize zimenezo, choncho pogula zimbale zogwiritsidwapo kale ntchito muzizipendeketsa pakuwala kwa dzuwa n'kuyang'anitsitsa mizere musanapereke ndalama.