Vaporetto ya Linea 1 ku Venice: yochedwa, yodula, koma imakuonetsa zonse

Amene akufuna kuona mmene madzi akudyera mzinda wa Venice ku Italy asataye ndalama pa gondola, bwato lopalasa lonyamula alendo. Akwere vaporetto, basi ya pamadzi ya kampani ya ACTV, makamaka Linea 1 yochokera pa Piazzale Roma kudzera mu Canal Grande, ngalande yaikulu ya mumzindawu, mpaka ku chilumba cha Lido. Imatenga pafupifupi ola lathunthu poti imaima paliponse. Ngati mukuthamangira sitima, musaiyese n'komwe.

Tikiti ya mphindi 75 ndi €9.50, mtengo wowawa ndithu. Ya maola 24 ndi €25, ndiye mukangokwera katatu yabweza kale. Igunditseni pa kamakina ka pasiteji musanalowe, apo ayi chindapusa chikupezani.

Pezani mpando wa panja, kumbuyo kwa boti, maso akhale pomwe khoma lakumana ndi madzi. Nyumba za m'mbali mwa ngalandeyi zinakhala pa mitengo yokhomeredwa m'matope, pamwamba pake n'kuyala mwala woyera wa ku Istria womwe suyamwa madzi. Vuto n'lakuti masiku ano madzi amapitirira mwalawo n'kufika pa njerwa. Mchere umakwera m'khoma, ukauma pulasitala amasendeka, njerwa n'kumafumbutuka. Masitepe a pakhomo, omwe kale anthu ankatsikirapo, ali biriwiri ndi ndere. M'zaka za m'ma 1900 mzindawu unatsika ndi masentimita pafupifupi 23 poyerekeza ndi nyanja, mwa zina chifukwa mafakitale a ku Marghera, kumtunda pafupi ndi mzindawu, ankapopa madzi a pansi pa nthaka. Nayo boti mwakwerayo si yosalakwa: mafunde ake amakokolola maziko omwewo.

Nyengo ya acqua alta, pomwe madzi a m'nyanja amakwera n'kusefukira mumzinda, makamaka Novembala, mvetserani sairini. Madzi akakwera, maboti ngati a Linea 4.1 ndi 5.1 amasintha njira chifukwa sakwana pansi pa milatho ya ku Cannaregio, dera la kumpoto kwa mzindawu. Nkhungu nayo imasokoneza maulendo.

Kuyambira pa 3 Okutobala 2020, zitseko 78 za MOSE, mpanda wachitsulo wogona pansi pa madzi, zimadzutsidwa pa mipata yolowera madzi ya ku Lido, Malamocco ndi Chioggia kutsekereza nyanja madzi akamakwera kwambiri, moti chigumula chonga cha 2019, pomwe nyanja inakwera ndi masentimita 187, sichinabwerenso. Komabe nyamulani majombo: bwalo la San Marco limayamba kulowa madzi zitsekozo zisanadzutsidwe. Ndipo nyanja ikamakwerabe zidzafunika kutsekedwa pafupipafupi, pomwe ngalande za mumzindawu zimadalira kulowa ndi kutuluka kwa madzi omwewo kuti zonyansa zichoke.