Pepala la asailamu limene ndinagula ku Joni

Mwana wa achemwali anga wandiimbira kawiri mwezi uno kuti ndimubwereke ndalama ya basi. Akuti mnzake wamuuza kuti ku Joni masiku ano zinaphweka, ukangofika pali munthu amene amakukonzera asailamu, pepala la othawa kwawo, ntchito n'kuyamba mawa lake, boma n'kumakupatsanso kangachepe mwezi ndi mwezi. Mawu amenewa ndi omwewo amene ndinamva ine mu 2019, ndiye ndati ndilembe kuti nonse amene mukumanga zikwama mumve pamodzi.

Ndinalowa pa Beitbridge mwezi wa February 2019, anandidindira masiku 30 monga amachitira ndi pasipoti ya Malawi. Ndinapeza ganyu yosamalira maluwa kufupi ndi Pretoria. Masiku atatsala pang'ono kutha, bambo wina wa kwathu konkuno, amene tinkapemphera naye, ananditengera kwa munthu amene ankati amadziwana ndi a m'kati. Ndi dobadoba ngati omwe timawadziwa kumudzi, kungoti uyu anali ndi galimoto ndi jekete labwino. Mtengo anati R2,500. Nditalipira, panatuluka R600 ya womasulira, amene sindinamuonepo ndi maso, ndi R400 ya zithunzi. Patapita masiku anayi pepala linabwera m'envulopu, chithunzi changa chili pakona, chidindo chofiira chili pansi. Ku ofesi sindinapondeko, zala sanandidinde, palibe anandifunsa funso. Ndinkati ndi mwayi. Uchitsiru wanga unali pomwepo.

Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse dobadobayo ankandiimbira yekha kuti pepala latha, R800. Ndinalipira mu September 2019 ndi mu March 2020, kenako mu September 2020 ndi mu March 2021. Tamverani apa. Kuyambira kumapeto kwa March 2020, dziko litatsekedwa chifukwa cha korona, maofesi olandira othawa kwawo anali otseka, ndipo boma linkangowonjezera lokha masiku a mapepala a anthu onse, popanda kulipira kapena kuima pamzere. Munthu ameneyu anandilipiritsa kawiri konse kuti akadinditse pepala ku ofesi yokhoma ndi loko. Khoti litagamula mu June 2020 kuti anthu a asailamu nawonso alandire R350 ya korona, anabweranso, ati R1,500 kuti andilembetse. R350 imeneyo sindinaionepo. Werengani nokha: R8,200, ndalama ya munthu wodula kapinga, pamene mayi anga kumudzi ankagona m'nyumba yodontha.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa ku Congo, amene anali ndi kashopu kochita fotokope. Mu April 2021 boma linayamba kulola anthu kuwonjezera masiku a mapepala pa intaneti, ndipo mayiyo ankathandiza anthu kutumiza makalata awo pa R50 basi. Ndinati ndiyese kupulumutsa R800. Analiyang'ana pepala langa, analitembenuza, n'kundifunsa kuti ndinadinda zala ku ofesi iti. Nditayankha kuti sindinapiteko, anandibwezera R50 yanga m'manja. Anati pepalali ndi la pakompyuta ya munthu, ndipo wapolisi akaliyang'anitsitsa mlandu wake suthera pa kukhala m'dziko popanda chilolezo, pali wina wogwiritsa ntchito chikalata chabodza. Akanatha kulandira ndalamayo n'kukhala chete, ine sindikanadziwa. Anandilembera papepala komwe kuli maloya othandiza ulere. Mulungu amudalitse mayi ameneyo kumene ali.

Kwa loya ndi kumene ndinamva koyamba chimene asailamu ili. Kufunsira asailamu ku South Africa n'kwaulere. Fomu, womasulira, kuwonjezera masiku, zonse sizilipiridwa ngakhale senti. Umapita wekha ku ofesi yolandira othawa kwawo, ku Musina, Pretoria, Durban, Gqeberha, kapena ya ku Cape Town imene inatsegulidwanso mu 2023 itakhala zaka zoposa khumi isakulandira anthu atsopano. Amakudinda zala, amakujambula, amakufunsa chimene wathawa. Pepala limene amakupatsa, lija amati Section 22, limangosonyeza kuti nkhani yako ikuunikidwa. Wovomerezedwa kuti ndi wothawa kwawo amapatsidwa lina, la Section 24.

Lamulo lawo la 1998 limanena amene akuyenera: munthu wozunzidwa chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, dziko lake, maganizo ake pandale kapena gulu limene alimo, ndiponso amene wathawa nkhondo kapena chipwirikiti chachikulu m'dziko lake. Njala mulibe m'menemo, abale anga. Kugwa kwa kwacha, kukwera kwa feteleza, kusowa ntchito uli ndi MSCE m'thumba, zonsezi n'zowawa, koma lamulo silizitcha kuzunzidwa. Ukakanena zoona kuti ndabwera kudzafuna ganyu, amakukana pomwepo kuti pempho lako lilibe maziko. Ukakanama monga amaphunzitsira madobadoba, kuti a chipani akufuna kukupha, amakupanikiza ndi mafunso mpaka bodza limasweka. Alipo Amalawi amene angakhale ndi chifukwa chenicheni, sindikutsutsa, ndipo amenewo apite okha akafotokoze. Koma ambiri a ife tikudziwa chimene chinatikweza basi.

Ndipo ife sitiyenera kuphunzitsidwa kuti wothawa kwawo ndi ndani. Makolo athu anasunga anthu oposa 1 miliyoni a ku Mozambique nthawi ya nkhondo ya kwawo. Pa Dzaleka ku Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994, pali anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina, ndipo mu 2023 boma lathu linakawatola m'matauni omwe ankachita malonda n'kuwabweza kumsasa. Mayi wa fotokope uja anali wothawa kwawo weniweni ngati amenewa, anathawadi mfuti. Anali atakhala zaka zambiri ndi Section 22 akudikira yankho, ndipo mzere umene ankaimapo umatalika chifukwa cha anthu ngati ine. Zimenezi zinandichititsa manyazi kuposa ndalama zija.

Za chithandizo cha boma, chotsani malotowo. Ku South Africa kulibe misasa ngati Dzaleka, kulibe amene adzakupatse nyumba, ufa kapena bulangete. Ndalama za ana, za okalamba ndi za olumala amalandira ndi nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika, ndi othawa kwawo ovomerezedwa a Section 24. Wa Section 22 anangoganiziridwa pa ija ya korona, imene inakwera kufika R370 mu 2024. R370 silipira ngakhale kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu. Ufulu umene ulipo ndithu ndi woti chipatala sichiyenera kukubweza ukadwala mwadzidzidzi, ndipo mwana ali ndi ufulu wophunzira sukulu, kaya makolo ali ndi pepala kaya alibe. Zimenezi zili m'malamulo akulu a dzikolo, si mphatso ya dobadoba, musalipire munthu kuti akutsegulireni. Ngakhale ntchito, kuyambira pa 1 January 2020 malamulo anasintha, ndipo kukhala ndi Section 22 sikutanthauza kuti chilolezo chogwira ntchito chabwera chokha.

Chimene palibe anandiuza, ndipo chimawawa kwambiri, ndi cha njira yobwerera. Munthu wa asailamu wauza boma la eni kuti kwawo akamupha. Ndiye sungapite ku maliro kumudzi n'kubwerako ngati palibe chachitika. Kupita kwanu, ngakhale kukafuna thandizo ku ofesi ya kazembe wa dziko lako, kungathe kukuchotsera chitetezocho. Inu amene mumalota zobwera pa Khirisimasi ndi matumba a katundu pamwamba pa basi, pepala limeneli si lanu. Ndikudziwa anthu amene anaika m'manda makolo awo pa foni, akuonera kanema wotumizidwa pa WhatsApp.

Loya sanandinamize kuti pali chimene angakonze. Anati pepalalo ndisalionetsenso kwa wina aliyense, ndipo ndisankhe kutuluka ndekha kapena kudikira tsiku logwidwa n'kukasungidwa ku Lindela, kumene amasunga anthu oti abwezedwe kwawo. Dobadoba nditamuimbira, anati ndikapitiriza phokoso apolisi adziwa kumene ndimagona. Bambo wa kutchalitchi uja anangoti iye sankadziwa, ngakhale ndinamva pambuyo pake kuti ankalandira yake pa mutu uliwonse. Ndinagwirabe ntchito mwamantha mpaka 2022, kenako ndinakwera basi. Pachipata anawerenga masiku anga, ndipo poti wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa zaka zisanu, anandilembera zisanu zomwezo.

Ngati muli kale kumeneko ndi pepala limene simunadindire zala, pitani kwa maloya aulere, monga a Lawyers for Human Rights kapena a Scalabrini ku Cape Town, akaliwone musanalipirenso. Aliyense wotchula mtengo wa asailamu ndi wakuba, kaya ndi wa kumudzi kwanu, kaya mumaimba naye kwaya.

Mwana wa achemwali anga ndamuuza kuti ndalama ya basi sindimupatsa. Ndamutumizira chithunzi cha pepala lija, lili m'sutikesi mpaka lero ndi zidindo zake zisanu. Wayankha kuti iye dobadoba wake ndi wina, wokhulupirika, ndipo akungofuna R4,000.