Tchati, ubongo wa pulasitiki kapena vidiyo: chophunzitsira minyewa n'chiti?

Aphunzitsi anzanga a Biology kuno ku Dedza akhala akundifunsa chimene angagule pophunzitsa za minyewa yotumiza mauthenga m'thupi, ndipo popeza ndayesapo zinthu zitatu, ndaganiza zowayankhira pamodzi.

Ubongo wa pulasitiki ana amakonda kuugwira, koma umangoonetsa zigawo za ubongowo, pomwe za mapeya 31 a minyewa yotuluka mumsana sunenapo kanthu.

Tchati chimene ndinagula ku Lilongwe ndicho chinandigwiritsa fuwa lamoto. Pochiona chinali chosiririka, mapeya 12 a minyewa ya m'mutu onse atalembedwa bwinobwino, mwakuti ndinachikhoma kutsogolo kwa kalasi ya Fomu 4 osachiyang'anitsitsa. Koma wojambulayo analumikiza maselo awiri a minyewa ngati waya umodzi, osasiya mpata pakati pake, ndipo pa mayeso okonzekera MSCE ana ambiri analemba kuti uthenga umangoyenderera ngati magetsi kuchoka kuchala mpaka kuubongo.

Zoona zake n'zakuti uthengawo ndi wamagetsi m'kati mwa selo mokha, pamene sodiyamu akulowa ndipo potaziyamu akutuluka, ndipo m'minyewa yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin umatha kuthamanga mamita 120 pa sekondi. Ukafika pa synapse, pamene selo imodzi imakumanirana ndi inzake, umapeza kampata, ndipo selo imatulutsa mankhwala monga acetylcholine, amene amawoloka n'kukadzutsa selo yotsatira. N'chifukwa chake uthenga pamenepo umapita mbali imodzi yokha. Tchaticho chinafafaniza phunziro lonseli, ndipo zinanditengera milungu iwiri kuti ndizule bodzalo m'mitu ya ana.

Vidiyo nayo ili ndi zake: imadya bandulo, Chingerezi chake n'chothamanga, komanso kalasi yonse imapanikizana pa foni imodzi. Komabe ndi yokhayo imene imaonetsa uthenga ukuyenda, choncho ine ndili kumbali yake. Ndinaikopera kamodzi m'foni, ndipo ndimaiimitsa pa synapse penipeni, kenako ndimakhazika mwana mmodzi pa desiki n'kumugogoda pansi pa bondo, kuti anzake aone mwendo ukudzidzimuka pa lamulo lochokera mumsana, ubongo usanalamule.

Tchati chija pano chikutseka zenera losweka la mu ofesi ya aphunzitsi, pamene pankalowera chisanu cha June.