Nkhani za milandu yogwirira ana pa wailesi ndi pa Facebook kuno ku Mulanje: zimafika msanga, koma zimamusiya mwana pambalambanda

Munthu wa ku Chitakale, ku Limbuli kapena ku Nkando akafuna kudziwa zomwe khoti lagamula sabata ino, sapita kukakhala pabenchi kuboma. Amatsegula wailesi madzulo, kapena amagula bandulo n'kuyang'ana masamba a nkhani pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Ntchito imeneyi anthu amaidalira, choncho n'koyenera kuiyeza ngati ntchito ina iliyonse. Pano tikuyeza mbali imodzi: mmene milandu yogwirira ana imalembedwera.

Njira yomwe nkhani zotere zimadutsa ndi yaifupi. Mlandu ukatha, wofalitsa nkhani wa polisi amalemba kachikalata, kawirikawiri m'Chingerezi, n'kutumizira atolankhani. Mumakhala dzina la wopalamula, zaka zake, zomwe woimira boma pamlandu anauza khoti, dandaulo la wopalamulayo lofuna chilango chochepa, chigamulo cha majisitireti, ndipo kumapeto mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lomwe amachokera. Wa pawailesi amamasulira mothamanga nthawi ya nkhani isanakwane. Wa tsamba la Facebook amangokopera n'kuikapo mutu wokopa anthu. Amene amafika m'khoti kukamva okha umboni ndi ochepa, ndipo zolakwika zambiri zimabadwira pamenepa.

Chabwino chilipo, ndipo si chaching'ono. Nkhani imatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake, chilango chimatchulidwa momveka: zaka zakutizakuti kundende akugwira ntchito yakalavulagaga. M'midzi momwe mlandu wotere ena amafunabe kuuthetsa pabwalo la amfumu ndi mbuzi kapena kandalama, kumva pa wailesi kuti mnzawo walowa ndende zaka 14 kumasintha maganizo. Pa liwiro ndi pa kulengeza chilango, ntchitoyi ikukhoza.

Vuto limayamba ndi mawu osankhidwa pofotokoza zomwe zinachitika. Mudzamva kuti bambo wa zaka 40 "anali paubwenzi" ndi mtsikana wa zaka 14, kuti awiriwo "akhala akugonana", kapena kuti mtsikanayo "watenga mimba". Mawu onsewa amamuika mwana pamlingo umodzi ndi munthu wamkulu, ngati anthu awiri ogwirizana. Lamulo silitero. Gawo 138 la malamulo a milandu ndi zilango poyamba linkateteza atsikana osakwana zaka 13. Mu 2011 zaka zinakwera kufika 16, ndipo mu 2023 zinafika 18, kuphatikizapo anyamata. Malamulo aakulu a dziko nawo anasinthidwa mu 2017 kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Chilango chachikulu pa mlanduwu ndi kukhala m'ndende moyo wonse. Munthu wamkulu sangadzitchinjirize ponena kuti mwanayo analola. Tsono mtolankhani akalemba za ubwenzi, wanena zinthu zomwe khoti lenilenilo lazikana. Cholemba choyenera n'chosavuta: wochita zoipayo akhale mwini chiganizo. Bambo wagwirira mwana. Bambo wamupatsa mimba mwana pomugwirira.

Chachiwiri, chomwe chimawononga mwakachetechete, ndi dongosolo la nkhani. Zambiri zimayamba ndi komwe mwana anali: ankachokera kokaonera kanema usiku, anapita yekha kokatola nkhuni mmbali mwa phiri, analandira ndalama kapena mandasi. Womvera akamafika pa dzina la wopalamula amakhala ataweruza kale kuti mwanayo ankafuna chiyani kumeneko. Ndalama ija makamaka imapotozedwa. Kupatsa mwana ndalama, kumugulira zakudya, kumukweza ulere pa kabaza, ndi njira yomwe wogwirira amakonzera msampha wake ndi kutseka pakamwa pa mwana. Ikalembedwa kuti mtsikanayo "ankalandira ndalama", owerenga amamva ngati malonda. Ikalembedwa kuti bamboyo ankamupatsa ndalama kuti asaulule, nkhani ndi yomweyo koma mlandu wabwerera kwa mwini wake.

Palinso gawo la dandaulo la wopalamula. Munthu akapezeka wolakwa amaloledwa kupempha khoti kuti limumvere chisoni, ndipo ena amanena kuti mtsikanayo ndiye ankawalondola, kapena kuti ankaoneka wamkulu. Amenewo ndi mawu a munthu wofuna kupulumuka. Pomasulira mothamanga, kachidutswa koti ndi iyeyo akunena kamagwa, ndiye pa wailesi zimamveka ngati zoona zomwe khoti lapeza. Kumbali ya mwana sikumveka kanthu, chifukwa mwana salankhula kwa atolankhani, ndipo sayenera kutero. Mkonzi wabwino amadula mawu oterewa, kapena amawatsatiza pomwepo ndi yankho la majisitireti.

Pomwe ntchitoyi ikulephera kwambiri ndi pa kubisa mwana. Atolankhani ambiri amadziwa kuti dzina la mwana silitchulidwa, ndipo salitchuladi. Koma taonani zotsalazo: dzina la bambo, mudzi wake, mfumu yaikulu Mabuka kapena Chikumbu, kenako n'kunena kuti wagwirira mwana wake womupeza wa zaka 12 yemwe ali Sitandade 5. Mudzi umenewo muli ana angati otero? Pofika m'mawa, pamjigo, kutchalitchi, kusukulu, onse amudziwa. M'nyumba za antchito a m'minda ya tiyi, momwe makomo ndi oyandikana ndipo aliyense amadziwa mnzake, n'koposa. Kubisa dzina kotere kuli ngati kutseka chitseko nyumba ilibe khoma.

Njira yake ndi kusankha chimodzi. Ngati mukutchula dzina la wopalamula ndi mudzi wake, chotsani ubale, kalasi, sukulu ndi mpingo, munene kuti mwana wosakwana zaka 18 basi. Ngati ubalewo ndiwo phunziro la nkhaniyo, poti ogwirira ambiri ndi anthu omwe mwana amawadziwa, unenedwe, koma dzina ndi mudzi zichoke. Zonse ziwiri pamodzi siziyenda. Zithunzi nazonso: kuphimba maso okha pomwe yunifolomu, khonde la nyumba kapena chitenje cha mayi ake zikuoneka si kubisa. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, komanso mwayi womwe khoti lili nawo womva umboni wa mwana anthu atatulutsidwa, cholinga chake n'choti mwana asadziwike. N'zomvetsa chisoni kuti khoti limuteteze mkati, tsamba la nkhani n'kumuulula kunja.

Pa milandu yomwe woganiziridwa sanagwidwe, kuthamangira kufalitsa kuli ndi vuto lina la kuno kwathu. Chipata cha m'malire cha Muloza si patali. Munthu akamva dzina lake pa wailesi amawoloka kupita ku Milange, ku Mozambique, mlandu n'kuima, banja la mwana n'kutsala ndi manyazi okhaokha.

Mapologalamu oimba lamya tingawatchule mwachidule. Woulutsa akafunsa kuti kodi vuto ndi kavalidwe ka atsikana kapena kulekerera kwa makolo, wogwirira wachoka kale m'nkhani, ndipo oimba onse atsatira njira yomwe funsolo lawatsegulira. Ndemanga za pa Facebook zimasiyidwa osazisefa, mpaka wina amatchula dzina la mwana poyera, tsamba osachotsa.

Tsono pali zomwe sizilembedwa n'komwe, zomwe kholo lomvetsera likanathandizika nazo usiku womwewo. Mwana wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti ayambe mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP, omwe amamwa masiku 28. Maolawo akadutsa mankhwalawa sathandizanso. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira ntchito mpaka masiku asanu, koma amagwira bwino akamwedwa msanga. Ngati n'kotheka mwana asasambe asanapimidwe, ndipo zovala zisachapidwe. Zikulungidwe m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa chinyontho chimawononga umboni. Ngati wasamba kale, apitebe. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza ya Victim Support Unit, kuboma kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo nambala ya lamya yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Zonsezi zimakwana m'ziganizo ziwiri kumapeto kwa nkhani, koma malowo amapatsidwa ku mudzi wa wopalamula.

Apa ndi pomwe kuloza chala mwana kumapwetekera thupi lenileni. Mtsikana amene wamva mnzake akunyozedwa pa wailesi amakhala chete. Mayi amene waona banja lina likusekedwa amayamba wakambirana ndi ankhoswe ndi amalume, masiku atatu aja n'kutha. Kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza kwa ana wa mu 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18. Anyamatawo m'nkhani zathu sapezekamo kawirikawiri, ndipo akapezeka, makamaka wopalamula akakhala mayi, nkhani imasanduka nthabwala yoti mnyamatayo wachita mwayi.

Kwa amene mukufuna kudziwa amene wamangidwa ndi zaka zomwe wapatsidwa, ntchitoyi ikukwanirani. Kwa aphunzitsi, amayi a m'magulu oyang'anira atsikana kusukulu ndi makolo, musaitenge ngati chida chophunzitsira ana, ndipo musatumize nkhani zotere m'magulu a WhatsApp musanaziwerenge mpaka kumapeto. Ngati inu mwamuzindikira mwanayo, ena amuzindikiranso. Mukakumana ndi nkhani youlula mwana, jambulani tsambalo kuti mukhale ndi umboni, kapena lembani tsiku, ola ndi dzina la pologalamu. Yambani ndi mkonzi wa nkhaniyo, mumuuze ndendende mawu oyenera kuchotsedwa, popeza pa intaneti kukonza kumatheka nthawi yomweyo. Akakana, dandaulo lokhudza khalidwe la atolankhani limapita ku Media Council of Malawi, ndipo lokhudza zoulutsidwa pa wailesi lingapitenso ku MACRA, yomwe imapereka ziphaso kwa nyumba zoulutsira mawu. Polemba dandaulolo, inunso musatchule dzina la mwana.